Achemwali, kuiwalako kuli ndi chifukwa chake

Achemwali, simukupenga ayi, ndipo ubongo wanu sunawonongeke. Zomwe mwalembazo, zoti chiyambireni kumwa amitriptyline, mankhwala a matenda a maganizo aja, masabata awiri apitawa mukusiya poto pamoto, makiyi simukudziwa komwe mwaika, mawu akumakuthawani pakamwa, ndi zomwe mankhwalawa amachita kwa anthu ambiri pachiyambi.

Mu ubongo muli kanthu kotchedwa acetylcholine, kamene kamathandiza kuti zomwe mwangomva kapena kuona zikhazikike m'mutu. Amitriptyline amatchinga njira yake. N'chifukwa chake zakale mukuzikumbukira bwinobwino, nyimbo za ku kwaya simunaiwale, koma zomwe akuuzani m'mawa uno zapita. Kutchinga komweko ndi kumene kumaumitsa kukamwa, kumadzimbitsa, kumachititsa kuti zilembo zizioneka mwachimbuuzi, mwinanso mkodzo kutuluka movutikira. Kuwonjezera apo amagonetsa kwambiri ndipo amachedwa kutha m'thupi.

Nthawi yoipitsitsa ndi m'mawa, makamaka masabata awiri oyambirira kapena akangokwezera mlingo. Mwamwa 10 koloko usiku, mwagona ngati mwafa. Mukudzuka mofulumira kuti muthamangire kuchimbudzi, chizungulire gwi, chifukwa mankhwalawa amatsitsa BP munthu akaimirira mwadzidzidzi. Lilime lauma gwaa. Mwana akufunsa za ndalama ya kusukulu, mukuyankha kuti eya, pakatha mphindi khumi simukukumbukira kuti munayankhula naye. Mukulowa kukhitchini, mukungoima osadziwa chomwe mwadzera. Apa ndi pomwe mantha amagwira munthu kuti misala yayambika, ndipo manthawo amabalalitsanso maganizo, kuiwala n'kuwonjezeka. Chomvetsa chisoni n'chakuti nthawi imeneyi phindu la mankhwala limakhala lisanafike. Zovuta zimayamba tsiku loyamba lomwe, pomwe mtima umayamba kupepuka pakatha masabata 2 mpaka 4, ena mpaka 6.

Chimene chimandipsetsa mtima ndi kaperekedwe kake. Munthu akupatsidwa kapepala ka mapiritsi pazenera, "kamodzi usiku", wotsatira! Palibe womuuza kuti adzalemedwa mutu, palibe womufunsa mankhwala ena omwe akumwa, palibe womufunsa ngati amayendetsa galimoto kapena njinga ya kabaza. Mphindi ziwiri zokha zikanakwana. Kenako akafika kunyumba, achibale omwe sanawerengepo ngakhale dzina la mankhwalawo akuyamba: "Amenewa ndi a anthu amisala, akuphani ubongo, tayani." Munthu n'kutayadi. Anthu awa amabweza odwala m'mbuyo kwambiri.

Musaiwalenso kuti matenda a maganizowo pawokha amaiwalitsa. Munthu wokhumudwa kwambiri, wosagona, woganiza chinthu chimodzimodzi usiku wonse, samvetsera zomwe akuuzidwa, ndiye chomwe sichinalowe sichingakumbukiridwe. Ndiye dzifunseni moona: kuiwalaku kunalipo musanayambe mankhwala, kapena kwabwera nawo? Ngati kunalipo kale, nthawi zambiri kumachepa matenda akamachira.

Chitani izi. Muzimwa cha m'ma 7 kapena 8 koloko madzulo m'malo modikira nthawi yogona, kuti kulemera kuzithera kutulo. Onani pa kapepalako kuti mukumwa mamiligalamu angati. Piritsi lofala ndi la 25mg, ndipo ambiri amayamba ndi limodzi kapena awiri, n'kumakwezedwa pang'onopang'ono. Ngati munayambitsidwa ndi atatu nthawi imodzi, chimenecho chokha chikhoza kufotokoza zonsezi. Podzuka, yambani mwakhala kaye pabedi mphindi imodzi. Mowa usiyeni kaye, ngakhale botolo limodzi. Piriton ndi promethazine, mankhwala a ziwengo, amatchinga acetylcholine yemweyo, ndiye kuwaphatikiza n'kuthira mafuta pamoto, ndipo anthu amangogula Piriton pagolosale akamva chimfine osaganiza kanthu. Diazepam ndiye woipitsitsa pa nkhani ya kukumbukira. Ngati anakupatsani kuti muzigona, funsani tsiku loti musiye.

Tengani kope, muzilemba tsiku lililonse nthawi yomwe mwamwa, momwe mwagonera, ndi chomwe mwaiwala. Mukapite nalo limodzi ndi buku lanu la kuchipatala komanso mankhwala onse omwe mukumwa, a BP, a shuga, ma ARV, ngakhale azitsamba. Pa chipatala cha boma cha m'boma lanu funsani nesi woona za matenda a maganizo. Ali ku Zomba Mental Hospital, St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, kapena ku Queens ku Blantyre amaziona izi tsiku ndi tsiku. Pemphani akuyezeni magazi, chifukwa kuchepa kwa magazi ndi vuto la chithokomiro zimafooketsanso mutu.

Pakatha mwezi zisanasinthe, funsani za fluoxetine, mankhwala ena a matenda a maganizo omwewa. Ndi kapisozi wa 20mg, womwa m'mawa, ndipo sakhudza acetylcholine kwenikweni, choncho mutu umakhala wopepukirapo. Nayenso ali ndi zake: nseru, mutu kupweteka, kusowa tulo, ena amati mtima umangokhala zii, osasangalala osadandaula. Kwa achikulire, makamaka omwe akumwa HCT wa BP, fluoxetine amatha kutsitsa mchere wa sodium m'magazi m'masabata oyambirira, munthu n'kuyamba kufooka ndi kusokonezeka mutu. Tramadol, mankhwala opha ululu, musamuphatikize ndi amitriptyline kapena fluoxetine popanda dokotala kudziwa. Kwa agogo opitirira zaka 65, amitriptyline sakhala wabwino kuyamba naye, ngakhale akamaperekedwa chifukwa cha kutentha kwa mapazi, chifukwa amawagwetsa ndi kuwasokoneza msanga.

Musasiye mwadzidzidzi. Kusiya kotero kumabweretsa chizungulire, nseru, maloto oopsa, kukwiya msanga, ndipo matenda amabwerera. Mankhwalawa amachepetsedwa pang'onopang'ono kwa masabata angapo, ndipo amafunika kumwedwa miyezi 6 kapena kuposerapo munthu atayamba kupeza bwino.

Koma ndinenenso: ngati simukuzindikira komwe muli, mukuona zinthu zomwe ena sakuona, mkodzo wakaniratu kutuluka, mtima ukugunda mosalongosoka, kapena mwakomoka, piritsi la usiku uno musamwe, pitani kuchipatala lero lomwe ndi wina wokuperekezani. Maganizo ofuna kudzipha akabwera kapena kukula, zomwe zimachitika makamaka kwa osakwana zaka 25 m'masabata oyambirira, uzani munthu nthawi yomweyo ndipo mupite. Amitriptyline akachuluka m'thupi amaimitsa mtima, ndipo munthu woiwalaiwala amatha kumwa kawiri osadziwa. Mupatseni wachibale yemwe mumamukhulupirira asunge mapiritsiwo kutali ndi ana, azikupatsani a tsiku limenelo okha, inu n'kuchonga mu kope muja mukangomeza.