Mafunso a Owerenga: nkhungu, siliva ndi mabakiteriya

Funso: Ndili m'chaka chomaliza cha maphunziro a sayansi ya zamoyo, ndipo kafukufuku wanga ndi wopanga tizidutswa ting'onoting'ono kwambiri ta siliva (nanoparticles) pogwiritsa ntchito nkhungu. Nditathira silver nitrate m'madzi a nkhungu, madziwo anachita mbuu, pansi panadikha zoyera, ndipo mawa lake zoyerazo zinada. Kodi ndiye kuti zatheka? *Wophunzira, Zomba*

Yankho: Pepani, sizinatheke. Zoyera zimene zadikhazo ndi silver chloride. Siliva akangokumana ndi chloride amagwirana naye nthawi yomweyo, ndipo zotulukapo zimada zikaona kuwala. Chloride ameneyo kawirikawiri amachokera kumodzi mwa malo atatu: madzi a pampopi, chakudya chimene munaleramo nkhungu ngati simunaitsuke bwino, kapena mabotolo otsukidwa mwachisawawa.

Yambiraninso motere. Konzani chakudya chamadzi chotchedwa MGYP: pa lita imodzi ya madzi a distilled ikani magalamu 3 a malt extract, 10 a glucose, 3 a yeast extract ndi 5 a peptone. Gawani mamililita 100 m'fulasiki iliyonse ya mamililita 500, phikani mu autoclave (makina ophera tizilombo ndi nthunzi) pa madigiri 121 kwa mphindi 15, ndipo zikazizira ikanimo nkhungu yanu. Ikhale pa makina ogwedeza pa 150 mpaka 200 rpm (maulendo ozungulira pa mphindi imodzi), kutentha kwa madigiri 25 mpaka 28, kwa masiku atatu kapena anayi.

Ikakula, isefeni ndi pepala la Whatman No. 1, n'kuitsuka katatu kapena kuposerapo ndi madzi a distilled ophikidwa. Apa m'pamene ambiri amachita ulesi. Musawerenge maulendo okha. Tengani madzi otsukira omaliza m'kachubu, dontheziranimo silver nitrate. Akachita mbuu, tsukaninso.

Kenako yezani magalamu 10 a nkhungu yonyowa, muiviike m'mamililita 100 a madzi a distilled kwa maola 72 ikugwedezeka. M'masiku amenewa nkhungu imatulutsira m'madzi mapuloteni ndi ma enzyme ake. Sefaninso, nkhunguyo muiphike mu autoclave musanataye, musunge madziwo. Mumathiramo silver nitrate wokwana 1 mM, ndiye kuti mamiligalamu 17 pa mamililita 100. Sikelo zambiri siziyeza bwino kanthu kochepa chonchi, choncho ndi bwino kusungunula magalamu 1.7 m'mamililita 100, n'kumatapapo mililita imodzi pa mamililita 99 a madzi a nkhungu. Kulungani fulasiki ndi foyilo kuti kuwala kusalowe. Zikayenda bwino madziwo amayamba chikasu, kenako n'kufiirira ngati tiyi wopanda mkaka, nthawi zina m'maola ochepa, nthawi zina pakatha masiku atatu. Amakhala oonekera, opanda matope pansi.

Pambali pake payenera kukhala mafulasiki ena awiri: ina ya madzi a nkhungu opanda siliva, ina ya silver nitrate m'madzi a distilled okha. Imodzi mwa iyo ikafiiranso, zotsatira zanu zonse n'zokayikitsa.

Ngakhale mtundu utasintha, si umboni wokwanira. Yezani pa makina a UV-Vis, oyeza kuwala kumene madzi akumeza, kuyambira nanomita (nm) 300 mpaka 700. Tizidutswa ta siliva tobulungira timaonetsa nsonga imodzi pa galafu cha pa 410 mpaka 440 nm. Nsonga yofutukuka, yosunthira cha ku 500, ikutanthauza kuti tizidutswato takula kapena taundana, ndipo kawirikawiri chifukwa chake ndi silver nitrate wochuluka kuposa mapuloteni amene alimo. Mukapeza mwayi wa XRD, makina ozindikira chinthu ndi ma X-ray, siliva weniweni amaoneka cha pa madigiri 38, 44, 64 ndi 77, pamene silver chloride amadziulula cha pa 28, 32 ndi 46.

Funso: N'chifukwa chiyani anthu amavutika ndi nkhungu pamene pali mankhwala a m'labotale ogwira ntchito yomweyo? *Mphunzitsi wa chemistry, Chipata*

Yankho: Zoona, aphunzitsi, sodium borohydride kapena trisodium citrate amamaliza ntchitoyi m'mphindi zochepa, ndipo tizidutswa take timafanana msinkhu kuposa ta nkhungu. Ubwino wa nkhungu ndi wakuti imagwira ntchito ziwiri pakamodzi, popanda moto. Ma enzyme ake amapereka ma elekitironi kwa ma ion a siliva kuti asanduke chitsulo, ndipo mapuloteni ake amakuta kachidutswa kalikonse kuti kasamatirire kwa kanzake. N'chifukwa chake madziwo amatha miyezi osadikha.

Njirayi inatchuka kuchokera ku National Chemical Laboratory ya ku Pune, m'dziko la India. Mu 2001 gulu la kumeneko linagwiritsa ntchito Verticillium, koma siliva ankapangika m'kati mwa maselo a nkhungu, ndipo kumutulutsamo inali ntchito. Mu 2003 anasonyeza kuti Fusarium oxysporum imapangira kunja, m'madzi, tizidutswa ta nanomita 5 mpaka 15. Nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a milimita. Mu 2005 gulu la Nelson Durán ku Brazil linaloza chala enzyme ya nitrate reductase pamodzi ndi mankhwala a m'nkhungu otchedwa ma quinone kuti ndiwo amanyamula ma elekitironi. Vuto limene latsalabe n'lakuti mukapanga kawiri, tizidutswa sitituluka chimodzimodzi, chifukwa nkhungu ndi chamoyo: msinkhu wake, kutentha ndi pH zikasintha pang'ono, mapuloteninso asintha.

Funso: Kodi nkhungu iliyonse ingagwire ntchito, ngakhale chuku cha pa mtedza? *Wowerenga, Mchinji*

Yankho: Ingagwire, koma musayerekeze. Chuku chobiriwira cha pa mtedza ndi chimanga nthawi zambiri chimakhala Aspergillus flavus, imene imatulutsa poizoni wa aflatoxin. Mnzake Aspergillus fumigatus, amene anagwiritsidwa ntchito ku Mumbai mu 2006, amalowa m'mapapo a anthu amene chitetezo cha m'thupi chatsika kapena amene anadwalapo TB. Fusarium oxysporum nayo ili ndi mitundu yofotetsa mbewu. Umodzi mwa iyo, wotchedwa TR4, unapezeka m'minda ya nthochi kumpoto kwa Mozambique mu 2013. Kwa ongoyamba, ife timasankha nkhungu ya Trichoderma yodziwika dzina kapena ulusi wa bowa wa oyisitala, amene alimi ena amalima kale.

Funso: Tinayesa tizidutswa tathu pa mabakiteriya ndipo tinapha kwambiri. Mnzanga akuti tingathe kupanga mankhwala a zilonda, mwinanso akumwa. Mukuti bwanji? *Wogwira ntchito m'labotale, Blantyre*

Yankho: Tifunse kaye: munatitsuka tizidutswato? M'fulasiki mumatsala silver nitrate amene sanasanduke, ndipo iye payekha ndi wakupha mabakiteriya. Mukathira madzi a m'fulasiki mwachindunji pa mbale yoleramo mabakiteriya, simungadziwe chimene chapha. Apukuseni pa centrifuge (makina ozungulira mwaliwiro kuti zolemera zidikhe) pa 12,000 rpm kapena kuposerapo kwa mphindi 20, khuthulani madzi a pamwamba, sungunulani zodikha m'madzi a distilled, mubwereze katatu. Madzi a pamwamba akakhalabe achikasu, ndiye kuti tating'ono kwambiri sitinadikhe. Onjezerani liwiro kapena nthawi.

Poyesa gwiritsani ntchito Mueller-Hinton agar (chakudya cholimba choleramo mabakiteriya), mabakiteriya okwana 0.5 McFarland (muyeso wa kuchuluka kwawo m'madzi), mabowo a mamilimita 6, madigiri 37 kwa maola 18 mpaka 24. Escherichia coli ATCC 25922 ndi Staphylococcus aureus ATCC 25923 ndiwo oyambira. Pa mbale imodzimodziyo pakhale bowo la madzi a nkhungu okha, la silver nitrate, ndi la mankhwala odziwika monga gentamicin. Bowo la madzi a nkhungu n'lofunika kwambiri, pajatu penicillin anachokera ku nkhungu, ndipo Trichoderma nayo imatulutsa zake zopha tizilombo. Musadalire kukula kwa bwalo lopanda mabakiteriya lozungulira bowo, chifukwa tizidutswa sitiyenda bwino mu agar. Pezani MIC, mlingo wochepetsetsa woletsa mabakiteriya kukula, m'chakudya chamadzi, mulembe ndi ma microgram pa mililita.

Chimene chimapha kwenikweni ndi ma ion amene amasungunuka pang'onopang'ono pa kachidutswa. Amagwira sulfur wa m'mapuloteni a bakiteriya n'kuononga khungu lake ndi kapumidwe kake. Ofufuza a ku Rice University anaonetsa mu 2012 kuti popanda mpweya wa okosijeni, pamene ma ion satuluka, tizidutswa sitipha kanthu kwenikweni. Mabakiteriyanso amaphunzira kupirira: mu 1975 Salmonella yosamva siliva inapezeka m'chipinda cha odwala opsa ndi moto ku Boston.

Za kumwa, ayi ndithu. Siliva akaunjikana m'thupi amasandutsa khungu kukhala lotuwa mosakanikirana ndi buluu, matenda otchedwa argyria, ndipo mtunduwo suchoka. Bungwe loona za zakudya ndi mankhwala la FDA la ku America linalamula mu 1999 kuti mankhwala a colloidal silver (tizidutswa ta siliva m'madzi) ogulidwa popanda chikalata cha dokotala sakuvomerezedwa ngati abwino kapena othandiza. Pa zilonda za moto alipo kale mafuta oyesedwa a silver sulfadiazine a 1 peresenti. Zanuzo zili ndi mapuloteni a nkhungu amene angayambitse ziwengo, ndipo sizinayesedwe pa maselo a munthu. Ngati mukufuna kupitiriza, yesani kuviika nsalu ya thonje monga anachitira a ku Brazil mu 2007, muichape kangapo, muone ngati ikuphabe Staphylococcus. Madzi otsala musakhuthulire m'sinki chifukwa siliva amapha nsomba. Thiranimo mchere kuti adikhe, musefe, zodikhazo muzisunge m'botolo lolembedwa la zinyalala za mankhwala.