Sayansi ya ana aang'ono: musagule kalikonse

Achemwali, mwafunsa za kagulu ka ana a Sitandade 1 mpaka 3 amene mukufuna kumawaphunzitsa sayansi Loweruka, koma ndalama zogulira zida mulibe. Musagule kalikonse. Zida zili kale kudzala ndi kudimba.

Kuno ku Mulanje mvula sitisowa, ndiye yambani nayo. Dulani botolo lapulasitiki, mutembenuze mutu wake ulowe m'kati, mujambule mizere ndi rula, muliimike pabwalo. Kenako afunseni: chiperoni cha masiku atatu ndi mvula yamabingu ya ola limodzi, yamadzi ambiri ndi iti? Musawauze yankho. Akangane okha, botolo ndilo liweruze.

Chimene ana anga anachikonda koposa ndi cha mabeseni awiri. Limodzi muikemo dothi lopanda kanthu, lina dothi lokumba ndi kapinga wake. Muwapendeketse mofanana, muthire madzi ndi chitini chobooledwa pansi. Kwina madzi amatuluka ofiira, kwina oyererako. Mwana akazula kapingayo n'kuona mizu itagwira dothi ngati ukonde, simufunikanso kumulalikira za kudula mitengo m'phiri. Koma apa muyende mofatsa. Namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 anasiya maliro m'mabanja ambiri kuno, ndipo mwana wina akangoti zii, musamukakamize kulankhula.

Za zomangamanga, apatseni mapesi ndi luzi amange mlatho pakati pa njerwa ziwiri, aziikapo miyala umodziumodzi mpaka uthyoke. Ine ndinkalakwitsa pamenepa: mlatho ukayamba kupindika ndinkathamangira kuukonza, ana n'kumangondiyang'ana. Usiyeni ugwe! Funso likhale lakuti, wathyokera pati, nanga tisinthe chiyani? Atsikananso agwire luzi, asangokhala otola miyala.

Akazolowera, apange gudumu lamadzi: zitsekerero za mabotolo zomangirira m'mbali mwa chidutswa chozungulira cha patapata wakutha, waya pakati. Likazungulira, auzeni kuti ku Bondo, mudzi wa konkuno ku Mulanje, madzi a mtsinje wa Lichenya amazunguza makina opanga magetsi mwa njira yomweyo. Auzeninso za William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, amene mu 2002, ali ndi zaka 14, anapanga magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito njinga yakale ndi mitengo ya bulugamu.

Mpeni ndi lumo zikhale m'manja mwanu nokha, ndipo kumtsinje musapite nawo nthawi ya dzinja. Phunziro lisapitirire mphindi 40, chifukwa ana amsinkhu umenewu satha kukhala phee nthawi yaitali. Loweruka likubwerali auzeni aliyense abwere ndi botolo limodzi lopanda kanthu.