Holide yafika, ana ali pakhomo, ndalama ndi yochepa: yankho kwa mayi wa ku Area 25

Mayi wina wa ku Area 25 kuno ku Lilongwe wanditumizira imelo ndipo wandilola kuti ndiyankhire pano poti mwina ena zikukhudzaninso. Mwachidule akuti ali ndi ana atatu, wazaka 7, wazaka 5 ndi kamaliza kazaka 2. Akalipira lendi, mayunitsi, madzi ndi kugula zakudya amatsala ndi ndalama ngati K70,000 pamwezi, iye ndi bambo a kunyumba kuphatikiza. Ana a aneba apita kale kunyanja, ena ku jumping castle, nde ake tsiku lililonse ndi "amami ife tipita liti". Akuganiza zotenga K100,000 ku banki nkhonde kuti awapititse ku Salima, koma bambo akuti ana angopita kumudzi kwa agogo mpaka sukulu itsegulire. Funso lake ndi loti achite ziti.

Asisi, choyamba ndikumvetsani kwambiri, palibe chimapweteka ngati mwana wako kuima pageti kumayang'ana anzake akukwera galimoto atanyamula zikwama. Musadzione ngati ndinu mayi wolephera, mafunso ngati anuwa akubwera ambiri chitsikireni mphamvu ndalama ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zinthu zinakwera koma malipiro a anthu ambiri sanasunthe mofanana. Koma ngongole ya ku Salimayo ine ndikuti ayi, musatenge, ndipo ndifotokoza chifukwa chake.

Holide yaitaliyi imathera pakhomo pa Seputembala, mwezi umene sukulu zimayamba chaka chatsopano. Wazaka 7 uja akulowa kalasi ina, afunika makope, mwina yunifolomu yamuthina, nsapato zang'ambika. Wazaka 5 mwina ndi amene akuyamba Sitandade 1 kapena akadali ku nazale komwe fizi yake siyimadikira munthu. Olo atakhala kuti ali pasukulu yaboma poti pulayimale ndi yaulere chiyambire 1994, mukudziwa nokha kuti tindalama tina timafunikabe. Nde tiyerekeze gulu lanu limadula 20 peresenti pamwezi, K100,000 ija ikufuna mubweze K120,000 sabata yomweyo imene aphunzitsi akufuna zawo, pomwe inu mumatsala ndi K70,000 basi. Ana adzakhala atasangalala tsiku limodzi koma nyumba yonse idzakhala pamoto mpaka Khisimisi, ndipo ana amaona makolo akamakangana za ndalama, amamva zonse olo muzinong'ona. Ndalama ya ku banki nkhonde ndi yabwino kuonjezera mpamba wa geni, poti geniyo imabweza yokha.

Komanso ulendo wa ku Salima anthu amauwerengera molakwika. Amangoona thiransipoti yochoka ku depoti kukafika ku boma la Salima, kuiwala kuti nyanja ili ku Senga Bay makilomita ena pafupifupi 20 kutsogolo, nkukwereranso china, kenako malo ambiri abwino osambira ndi a maloji amene amalipiritsa pageti munthu aliyense, ena salola kulowa ndi chakudya chakunyumba. Kupita ndi kubwera tsiku lomwelo ndi mwana wazaka 2 pamiyendo mtunda wopitirira makilomita 100 mbali imodzi si masewera. Ndipo Julaye ndi Ogasiti ndi nthawi ya mwera, nyanja imatha kukalipa tsiku lonse, mafunde ake mwana wamng'ono simungamusiye olo pang'ono. Nyanja siithawa asisi. Ngati mukuifunadi yambani pano kuponya kangachepe pambali mwezi ndi mwezi mudzapite chaka chamawa ndi ndalama yanuyanu, mudzagoneko usiku umodzi mtima uli m'malo.

Tsono pa K70,000 ija ine ndikanayamba ndi kuchotsa ya Seputembala lero lomwe, isanaone dzuwa. Khalani pansi ndi bambo, lembani papepala zonse zofunika potsegulira, ndalamayo muiike pomwe simungaifikire msanga. Pa Airtel Money kapena Mpamba ya foni imene mumayenda nayo ayi, imatha ndi ma bandulo ndi "tanditumizireko pang'ono" za achibale. Bola kungogula makope ndi nsalu ya yunifolomu pano pano zikhale mu sutikesi, kapena kukalipiriratu gawo la fizi ngati ofesi ya sukulu ili yotsegula.

Chachiwiri chimene chimadya ndalama pa holide ndipo anthu sachiwerengera ndi chakudya cha pakhomo. Mwana akakhala kusukulu theka la tsiku amakhala ali bize, ndipo m'masukulu ambiri aboma amamwa phala la likuni la Mary's Meals ndi mabungwe ena. Pa holide phala lija palibe, mwana ali pakhomo kuyambira mmawa, ola lililonse njala, shuga amene amatha masabata awiri akutha sabata imodzi, buledi, makala, sopo poti zovala zikuda kawiri patsiku ndi fumbi la Ogasiti, mayunitsi poti TV siyikuzima. Apa nde pamene ndalama imathawira mwakachetechete K500 ya kamba apa, K500 ya filizesi apo. Mwayi wake ndi woti holide imeneyi imagwa anthu atangokolola. Mbatata ndi yambiri, mtedza, nzimbe, chinangwa, malambe, chimanga cha mbuliwuli. Gulani mbatata yambiri kamodzi ku msika waukulu osati milumilu ya pa kona, mmawa futali kapena phala la mgaiwa lothira nsinjiro, masana mbatata yootcha pa mbaula mukamaliza kuphika. Malambe viikani, sefani, thirani shuga pang'ono, ngati muli ndi filiji mangani mafilizesi anuanu, otsala ana a aneba omwewo agula. Wazaka 7 mpatseni ntchito yomanga timapepala ndi kuwerenga ndalama, masamu akuphunzira pomwepo.

Zikatsala pamenepo nde za kokayenda, kaya ndi K15,000 kaya K20,000. Ndipo apa ndikufuna mundimvetse bwino, ana a misinkhu imeneyi sadziwa mtengo wa malo. Chimene amachikumbukira ndi choti anavala zovala za kutchalitchi tsiku la pakati pa sabata, anakhala pawindo mu minibasi, anadyera panja pa chitenje, ndipo amami ndi adadi anali nawo osagwira foni. Mukawauza Lolemba kuti Loweruka tikupita kokayenda, sabata yonseyo ndi chisangalalo kale, aziwerenga masiku, ndipo funso la "tipita liti" lija latha poti yankho lilipo.

Kuno ku Lilongwe ulendo umene ndimaukonda kwa ana ang'ono ndi wa ku City Centre, ndipo bola tsiku la pakati pa sabata ngati mmodzi wa inu angapeze mpata. Yambirani ku National Library, kuli mbali ya mabuku a ana, akakhale pansi atsegule mabuku a zithunzi, wamkuluyo awerengere ang'ono ake. Ana ambiri a m'makomboni mwathu amafika Sitandade 8 asanalowepo mu laibulale, zimandiwawa kwabasi poti malowo ndi athu tonse. Funsaninso za khadi ya umembala wa mwana kuti azibwereka buku kupita nalo kunyumba. Mukatuluka apo chiliza cha Kamuzu sichili patali, pafupi ndi nyumba ya malamulo. Wazaka 7 amamuona Kamuzu pa K1,000, nde muonetseni ndalamayo kenako mumuuze kuti munthu ameneyu ndi amene anali mtsogoleri woyamba dziko litalandira ufulu mu 1964, anamwalira mu 1997 ndipo anagona pano. Mafunso amene atuluke pamenepo mudabwa. Nyumba ya malamulo ayionere panja, kenako Botanic Garden ili chapafupi, yalani chitenje pamthunzi, tulutsani mpunga wanu ndi mazira owiritsa, thobwa kapena Sobo wosungunula kunyumba, ana athamange mpaka atope. Pobwerera ngati miyendo ikadalipo pali nsanja ya chikumbutso cha asilikali ku Area 18 pomwe pali chiboliboli cha Kamuzu. Tsiku lonse limenelo chachikulu mwalipira ndi minibasi, ndipo wazaka 2 mumamufungata salipira, wazaka 5 mukagwirizana bwino ndi kondakitala musanakwere athanso kukhala pamiyendo pa bambo ake.

Ngati mukufuna ulendo umodzi wolipira pageti, Lilongwe Wildlife Centre mphepete mwa mtsinje wa Lingadzi ndi yabwino kuposa jumping castle ya mphindi zochepa. Kungoti musawalonjeze mikango ndi njovu, si zoo, ndi malo osamalira nyama zopulumutsidwa komanso nkhalango yoyendamo pakati pa tawuni. Akaona mitengo ikuluikulu, mbalame, apusi akudumpha. Imbani kaye mufunse mtengo wa ana ndi wa akulu komanso ngati amalola chakudya chanu, ndipo apusiwo musawapatse kanthu, mwana asanyamule nthochi poyera.

Kumene ndikukuletsani ndi kupita nawo ku Gateway Mall kapena ku mashopu akuluakulu "kukangoona". Mwana sangangoona. Mulowa ndi K10,000 mutuluka mulibe kanthu ana akulira poti chidole chimene amafuna simunagule, mwalipira ndalama kuti mwana akhumudwe. Ngati mukufuna adye ayisikilimu ikani mu bajeti ngati chinthu chomalizira, aliyense kamodzi, muwauziretu kunyumba.

Kwa anzanga a ku Blantyre amene mukuwerenga, inu muli ndi Museum ya ku Chichiri, panja pake pali injini zakale za sitima ndi magalimoto akale zimene ana amazikonda koopsa, komanso tchalitchi cha St Michael and All Angels pa mishoni ya HHI chimene chinamalizidwa mu 1891, chomangidwa ndi njerwa zoumba pomwepo. A ku Zomba muli ndi Botanic Garden yanu mmunsi mwa phiri ndi damu la Mulunguzi pamwamba, kungoti pa madzi gwirani mwana padzanja.

Masiku ena onsewo ndi a pakhomo ndipo asakhale a TV yokhayokha. Ife tinakula ndi phada, fulaye, jingo, chibisalirano, mpira wachikulunga, magalimoto a mawaya, ndipo ana a lero akaziona amazikonda chimodzimodzi, vuto ndi loti palibe wawaonetsa. Masanje ndiye nambala wani, apatseni kaufa pang'ono, tomato mmodzi, timasamba, kampoto kakang'ono, inu mukhale pafupi kuyang'anira moto. Gwirizanani ndi amayi awiri atatu a pamzere wanu kuti lero ana onse ali kwa uje mawa kwa uje, aliyense apezeko tsiku lopita ku geni mtima uli pansi. Magetsi akazima usiku musadandaule, yambani "padangokhala", muone ngati sayankha "tili tonse" olo wazaka 2 yemweyo.

Za kumudzi zija bambo sakulakwa kwenikweni, koma sindikugwirizana nazo zoti ana akakhale holide yonse, komanso si zaulere ngati mmene amuna ambiri amaganizira. Pali thiransipoti yokawasiya ndi yokawatenga, ndipo simungatule ana atatu kwa agogo chimanjamanja, pafunika shuga, sopo, mafuta ophikira, mchere, kandalama ka kuchigayo ndi ka mwadzidzidzi mwana akadwala. Agogo nawonso ndi okalamba, kuthamangitsana ndi mwana wazaka 2 tsiku lonse ndi kuwazunza. Ine ndikanati akuluakulu awiriwo apite sabata imodzi kapena masiku 10, kamaliza katsale ndi inu, ndipo ngati nkotheka mmodzi wa makolo akagoneko masiku oyamba. Apite ndi neti yawo ya udzudzu ndi majuzi poti kukuzizirabe usiku. Muwauze agogo momveka kuti ana asakasambe kudambo kapena kumtsinje chifukwa cha likodzo komanso kumira, madzi akumwa akhale a pa mjigo kapena othira mankhwala. Ndipo ichi ndikuchinena mtima ukundigunda, dziwani kuti ana anu azigona chipinda chiti ndipo ndi ndani. Ana ambiri amene amachitidwa zoipa amachitidwa ndi anthu owadziwa, pa nthawi ngati zimenezi makolo ali kutali. Muuzeni mwana asananyamuke kuti thupi lake palibe woligwira malo obisika olo akhale malume olo msuweni, ndipo akuuzeni chilichonse simumukalipira. Muziimba tsiku lililonse mulankhule ndi anawo pawokha, osangomva kwa akulu kuti ali bwino.

Zikakonzedwa choncho kumudzi ndi kokoma zedi kwa mwana wa mtawuni, akaona mbuzi, akatongola chimanga, akamva Chichewa cha agogo, ndipo pobwera mubwerako ndi mtedza ndi kathumba ka chimanga kamene kakuthandizeni mu Seputembala muja. Nde mukambirane ndi bambo kuti thiransipoti ya kumudziyo ichoke mbali yawo poti ganizo ndi lawo, inu mugwire ya City Centre ndi zakudya.

Sabata yomaliza ana akhale atabwerera, ayambirenso kugona msanga ndi kudzuka mmawa. Ndipo nsalu ya yunifolomu ija pititsani kwa telala sabata ino, musadikire kumapeto, nthawi imeneyo matelala amakhala atadzaza ntchito, mtengo amakweza ndipo mwana amatha kuyamba sukulu ndi zovala zakunyumba yunifolomu ikadali pa mashini. Muwauze asoke yokulirapo pang'ono ndi mpendero wautali kuti ifike chaka chamawa.