Amalume akufuna kudula munda mapoloti: tiwayankhe chiyani?

Mwa makalata amene afika pa imelo sabata ino ndasankha ya achimwene ena ogwira ntchito pa famu ya ndiwo zamasamba ku Muldersdrift, kufupi ndi mzinda wa Johannesburg kuno ku South Africa. Kwawo ndi kufupi ndi Lunzu. Alemba kuti: "Amalume akufuna kudula munda wa mayi mapoloti, ati tauni yafika kale, kulima n'kutaya nthawi. Koma kuno ndikuona mafamu ali chikhalire pafupi penipeni ndi Joni. Kodi boma la kwathu lilibe ndondomeko yotukulira midzi ngati yathuyi? Nanga amalume ndiwayankhe chiyani?"

Achimwene, ndiyambe ndi za kunoko. Mafamu mukuwaonawo sakukhalitsa chifukwa eni ake sakonda ndalama ayi. Kuyambira 1970 dziko lino lakhala ndi lamulo loletsa kudula malo aulimi popanda chilolezo cha nduna ya zaulimi. Mu 2013 kudabweranso lamulo lina, SPLUMA, lolamula khonsolo iliyonse kulemba ntchito ya malo onse a m'dera lake: apa nyumba, apa fakitale, apa ulimi. Bwana wanuyo atafuna kusandutsa famu yake lokeshoni, ayenera kukapempha ku khonsolo ya Mogale City, ndipo akhoza kukanizidwa.

Koma lamulo palokha silingasunge munda. Chimasunga munda ndi msika. Inu mukudziwa bwino kuposa ine mmene sipinachi amayendera: mumadula madzulo, kumanga mitolo, kupakira m'makreti, galimoto n'kunyamuka usiku pa tala mpaka ku Joburg Market ku City Deep. Kumeneko ejenti amagulitsa, n'kuchotsa komishoni yake, yotsala n'kulowa ku akaunti ya mlimi. Gauteng ndi chigawo chaching'ono kuposa zonse kuno, koma muli anthu oposa 15 miliyoni, ndipo onsewo amafuna ndiwo tsiku ndi tsiku. Munda umene ukubweretsa ndalama sabata iliyonse mwini wake sathamangira kuugulitsa.

Musasirire zonse, komabe. Malo amenewa mbiri yake ndi yowawa. Lamulo la 1913 lidasiyira anthu akuda gawo losakwana limodzi mwa magawo khumi a dziko lawo lomwe. Mpaka lero mpanda umateteza kabichi, koma wothirira kabichiyo amagona m'kachipinda kuseri kwa shedi kapena m'chisakasa cha malata ku Diepsloot. Chitukuko choteteza nthaka n'kuiwala munthu sindingachifunire anthu a kwanu kwa Kapeni.

Tsopano kwathu. Ndondomeko zilipo, achimwene, zambirinso. Kuyambira 1998 tili ndi mphamvu ku anthu, ndi makomiti a chitukuko a m'mudzi (VDC) ndi a m'dera (ADC) amene amapititsa zofuna za mudzi ku khonsolo. Mu 2016 kudabwera malamulo atsopano a malo, ndipo limodzi mwa iwo limati dziko lonse, midzi yomwe, liyenera kukhala ndi mapulani a kagwiritsidwe ntchito ka malo. Masomphenya a Malawi 2063 akukamba zokweza matauni ena monga Liwonde, Luchenza, Kasungu ndi Karonga kuti anthu asamangothamangira ku Blantyre ndi ku Lilongwe.

Vuto limene ine ndimaliona n'lakuti m'zonsezi mudzi ngati wanu ulibe mwini. Lunzu ali pansi pa khonsolo ya boma la Blantyre, osati ya mzinda. A mzinda amati kumeneko n'kunja kwa malire athu. A kwa DC amauwerengera limodzi ndi midzi ya kutali kwa Kunthembwe, ndiye chimene amabweretsa ndi mjigo ndi feteleza wotsika mtengo. Pamene mavuto a mudziwo ndi a m'tauni kale: maenje a oumba njerwa, malole okumba mchenga mumtsinje, nyumba zomangidwa mothinana popanda njira yoti ambulansi idutse, chimbudzi cha uyu pafupi ndi chitsime cha uyo. Pitani ku Chileka, ku Mpemba, kapena kwa Njewa ku Lilongwe, nkhani yake ndi yomweyi. Tauni ikulowa m'mudzi poloti ndi poloti, kudzera pa kapepala kolemba pamanja ndi chidindo cha amfumu, boma n'kudzafika zonse zitamangidwa kale.

Akadandifunsa ine, ndikadati midzi yozungulira mizinda ikhale ndi pulani yakeyake, yolembedwa ndi makhonsolo onse awiri pamodzi ndi mafumu. Ayambe n'kukhoma zikhomo za misewu, sukulu ndi msika anthu asanamange, chifukwa kugumula nyumba ya munthu pambuyo pake n'kokwera mtengo ndiponso kumadzetsa udani. Madambo ndi madimba asadulidwe mapoloti. Kenako msewu wodutsika nthawi ya dzinja, magetsi, ndi malo ozizira osungira tomato. Sitikusowa chitsanzo: alimi a ku Bvumbwe akhala akudyetsa Blantyre ndiwo zamasamba ndi mkaka kwa zaka zambiri. Mlimi wa pafupi ndi mzinda kumulimbikitsa chimanga chokhachokha, chokolola kamodzi pa chaka, n'kumukankhira kwa ogula mapoloti.

Nanga amalume? Musawayankhe mwaukali pa foni, ndi eni mbumba, ndipo pena akunena zoona: tauni yafikadi, ndipo munda wa chimanga pamenepo sungapikisane ndi ndalama za poloti. Koma akumbutseni mwaulemu kuti kwathu kuja munda umayenda ndi mbumba. Mayi ndi alongo anu akhalepo pokambirana, osati kudzangomva zitatha.

Choyamba, malowo alembetsedwe. Lamulo la 2016 limalola banja kulembetsa malo a makolo kudzera ku komiti ya malo ya kwa gulupu, mmene mumakhalanso amayi. Malamulowa adakonzedwanso mu 2022, choncho wina apite ku ofesi ya za malo kwa DC akafunse zimene zikuloledwa pa nkhani yogulitsa asanalandire ndalama ya munthu. Ngati pali vuto lofunadi ndalama, monga fizi kapena matenda, ndipo lamulo likulola, mudule kumtunda cha kumsewu kokha, aitanidwe woyeza malo, musiye njira yoti galimoto ilowe. Kumunsi kumene kuli chinyontho musakhudzeko.

Ndipo poti inuyo muli pa famu, muphunzire zonse zimene manja anu akugwira: kufesa mbewu m'matileyi, kuyala mapaipi a dripi, kubzala mosiyanitsa masabata kuti muzikolola chaka chonse. Marandi mukutumizawo, ena apite ku pampu ya sola ndi thanki, alongo anu ayambe ndi mabedi ochepa a repu ndi tomato wa pamsika wa Lunzu. Amalume akaona ndalama ikulowa mlungu ndi mlungu, kukambirana kwake kudzakhala kwina. Mudzandilemberenso zimene akakuuzeni kwa DC, chifukwa pali owerenga ena a ku Chileka amene andifunsapo zofanana ndi zanuzi.