Yankho kwa msuweni pa chithunzi cha dziko la buluu lija

Eee moni nonse pa gulupu, amayi aang'ono, azakhali, ndikukuonani muli pa intaneti usiku uno musabisale. Pepani ndikujambula mawu, zala zatopa ndi kuchonga mapepala a ana a Fomu 3.

Iwe msuweni, waponya chithunzi cha dziko la buluu lija, K2-18b, pulaneti limene asayansi akuti analipeza likuzungulira nyenyezi ina, nkumafunsa kuti lili kutali bwanji, pandege ndi masiku angati. Masiku! Ukufuna ukagulitseko kaunjika eti? Chabwino, kuwala kochokera kumeneko kumatenga zaka 124 kuti kufike kuno, ndege ingauluke zaka zoposa 100 miliyoni isanafike. Koma ine ndimakudziwa iwe, tinakulira mbale imodzi, za mtundazo ulibe nazo ntchito. Funso lako ndi lomwe lija unkafunsa agogo akamakamba nthano pamoto, kuti "munaliko?" mpaka anakuponyera chisononkho. Ukufuna kudziwa ngati asayansiwa akutinamiza.

Ndiye... ayi dikira, ndiyambe ndi amalume. Ukukumbuka chaka cha njala ija, 2002, amalume aakulu akugona kudimba kulondera mondokwa? Iwe unali wamng'ono, kapena ndi nthawi ija unali kwa abambo ako ku Kasungu, nkhani ya mbuzi ija isanathe. Anamanga kachisakasa pa chulu paja, ndiye kutsidya kwa dambo kunkaoneka koloboyi pa zenera la nyumba ya aphunzitsi aja, munthu wosagona msanga. Amalume poti analibe wailesi, mabatire anali atatha kalekale, ntchito yawo inali kungoyang'ana kanyali kameneko. Tsiku lina kanyali kanaphethira, kanangobisika pang'ono nkuonekanso. Iwo anati ndi mphepo. Mawa lake nthawi yomweyo, kaphethiranso. Anayamba kuika timiyala m'thumba la jekete lija la ku Joni, lija sankavula ngakhale mu Okutobala, usiku uliwonse kamwala kamodzi. Tsiku lachitatu anadzutsa achimwene, akuti khala apa uone, pompano kabisika. Ndipo kanabisikadi! Achimwene mpaka lero amati thupi lonse linachita tsembwe.

Pamenepo amalume analondola ndithu, panali chinthu chodutsa pa kanjira kapakati paja usiku uliwonse, komanso chimanga m'mphepete mwa dimba chinkatha. Polakwika panali apa... m'mawa mwake anangodzuka nkupita kwa amfumu kukatchula mnyamata uja wa kuseri kwa tchalitchi, sinditchula dzina, ena pano ndi apongozi awo tsopano. Akuti ndiye amadutsa, msinkhu wake ndi womwewo. Msinkhu wa mthunzi, usiku, kutsidya kwa dambo! Agogo atamva anangotenga ndodo yawo, akuti tiyeni kudambo dzuwa lisanaumitse matope. Tinapita tonse mpaka ana. Pamatope paja panalibe phazi la munthu ngakhale limodzi, zinali ziboda, zolowa pansi mpaka apa, pakakolo. Agogo analowetsa ndodo m'dzenje limodzi nkunena kuti mwana wa munthu, chaka cha njala chino, angalemere chonchi? Inali nkhunzi ya aphunzitsi omwewo, inkathyola khola. Amalume analipa nkhuku ziwiri, ayi, nkhuku imodzi ndi tambala, tambala wofiira uja amayi ankamusungira Khirisimasi, ndipo anayenda okha wapansi kukapepesa kwa make mnyamatayo chipewa chili m'manja. Ine ndimawalemekeza pa chimenecho kuposa zonse, Mulungu awusitse mzimu wawo.

Eya, tsono ku nyenyezi. Mapulaneti ambiri akutaliwa palibe anawaona ndi maso, amawapeza ngati amalume ndi koloboyi. Makina a NASA, bungwe la ku America loona za mumlengalenga, otchedwa Kepler anawatumiza kumwamba mu 2009, ankangoyang'ana nyenyezi pafupifupi 150,000, kudikira kuti ina iphethire. Pulaneti lalikulu ngati Jupiter likadutsa kutsogolo kwa nyenyezi yonga dzuwa lathuli kuwala kumachepa ndi 1 pa 100, laling'ono ngati dziko lathu sikufika ndi 1 pa 10,000 pomwe. Ndiye kamodzi sawerengera, amafuna katatu, motalikirana mofanana, timiyala titatu m'jekete. Koma ngakhale katatuko salitchula kuti pulaneti, amangoti tikuliganizira. Chifukwa chodutsacho chitha kukhala nkhunzi... ndikutanthauza kanyenyezi kakang'ono kozungulira inzake, kukula kwake nkofanana ndi Jupiter, mthunzi womwewo, koma kulemera kuwirikiza ka 80 kapena kuposa. Mwinanso ndi nyenyezi zina ziwiri zakumbuyo kutali zikubisana, kuwala kwake nkusakanikirana ndi kwa iyi ukuyang'anayi.

Nde amapita kumatope. Pulaneti likamazungulira limakokanso nyenyezi yake, nyenyeziyo imagwedera, kubwera kuno pang'ono, kubwerera uko pang'ono. Ukudziwa basi ikamabwera ikuliza hutala mawu amakwera, ikangokudutsa amatsika? Kuwala nakonso kumatero, mtundu wake umasuntha pang'ono kwambiri, ndiye ali ndi zipangizo zoyezera zimenezo. Jupiter amagwedeza dzuwa mamita 12 ndi theka pa sekondi, dziko lathuli masentimita 9 okha, kuyenda kwa nanzikambe. Kugwederako ndiye kuya kwa chiboda, kumakuuza kulemera kwa chinthucho. Chikalemera mopitirira, basi si pulaneti, amachifufuta pa mndandanda.

Ndiye chimene ndikufuna umve ndi ichi msuweni, mawu oti "tapeza" ali pawiri. Pali tapeza wa kuona mthunzi, pali tapeza woti ayeza mwa njira ina, kapena anthu ena ndi telesikopu ina, chida choonera zakutali, aona zomwezo. Wachiwiriyu ndiye wotsimikizika. Mu 1995 Michel Mayor ndi Didier Queloz, a ku Switzerland, atanena kuti nyenyezi ya 51 Pegasi ili ndi pulaneti lalikulu lozungulira masiku 4 okha anthu ambiri anakayika, chinthu chachikulu choncho kuyandikira nyenyezi chotero? Geoffrey Marcy ndi Paul Butler ku California analoza telesikopu yawo komweko, napeza kugwedera komweko. Mphoto ya Nobel ya Mayor ndi Queloz inadzabwera mu 2019, taona kudikira kwake.

Ndipo olipa tambala aliko kumenekonso. Andrew Lyne wa ku Jodrell Bank ku England analengeza mu 1991 kuti wapeza pulaneti lozungulira miyezi 6, kenako yekha anatulukira kuti chimene ankaonacho kunali kuyenda kwa dziko lathu lomweli pozungulira dzuwa, sanakuchotsere bwino m'masamu ake. Januwale 1992 pa msonkhano ku Atlanta anaimirira pamaso pa anzake nkunena kuti ndinalakwitsa, pulanetilo kulibe, anthu anamuombera m'manja. Ndikamawauza ana kusukulu nkhani imeneyi ndimaona amalume ndi chipewa chawo m'manja, zoona.

Tsono la buluu lakolo. Kuti lilipo, lilipo, usakayike. Analipeza mu 2015 ndi Kepler likuphethiritsa nyenyezi yake masiku 33 aliwonse, telesikopu ina ya mumlengalenga, Spitzer, inaonanso, kenako ku La Silla ku Chile anayeza kugwedera, likulemera ngati maiko athu 8 kapena 9. Mthunzi ulipo, ziboda zilipo. Lili m'gulu la mapulaneti otsimikizika, amene anadutsa 5,000 mu Malichi 2022. Koma chithunzicho nchojambula munthu pa kompyuta, nyanja ija, mitambo ija, palibe kamera inatola zimenezo, azakhali musachisindikize pa kalendala. Nanga zoti kuli zamoyo zalembedwa pansi pa chithunzicho, zinachokera kwa gulu la asayansi a ku yunivesite ya Cambridge ku England mu Epulo 2025, pogwiritsa ntchito telesikopu ya James Webb anati akuona zizindikiro za mpweya wina umene kuno umapangidwa kwambiri ndi tizamoyo ta m'nyanja zikuluzikulu. Asayansi ena atatenga manambala omwewo nkuwerengeranso anati chizindikirocho nchofooka, mipweya ina ingaonekenso chimodzimodzi. Pamenepo tidakali pa kachisakasa, kudambo sitinatsikire.

Ndibwereze poti ndikudziwa ukumvera uku ukukazinga mandasi. Sakukunamiza, koma ukaona mawu oti apeza uzifunsa kuti ndani winanso wayeza, ndipo wayeza ndi chiyani. Pulanetilo ayeza anthu osiyana ndi zida zosiyana, zamoyozo ayi. Funso lako lija la "munaliko" silinali loipa, agogo anangopsa mtima chifukwa unkawadula pakamwa, ungolisintha pang'ono, uziti ziboda munaziona?

Iii foni ikulira batire. Mwana wako wamkuluyo umutumize pa holide, mwezi ukakhala kulibe ndidzamutengera pa chulu paja ndikamuonetse nyenyezi ziwiri zowala zoloza Mtanda wa Kummwera, pafupi ndi yowala kwambiriyo pali kanyenyezi kosaoneka ndi maso, Proxima, kali ndi pulaneti lake analipeza mu 2016 ndi njira ya kugwedera yomweyi. Abwere ndi juzi, kudambo kumazizira. Amayi aang'ono za ndalama ya chiliza zija ndiimba mawa ndikaweruka.