Komiti "yoima payokha" m'thumba la ndalama za nyengo: ufulu wanu uli pati?

Mayi, zikomo chifukwa cha funso lanu. Mwati mumagwira ntchito ya unamwino ku Manchester, ndipo mu 2023 munaika £10,000 m'thumba la EIS (Enterprise Investment Scheme, ndondomeko ya boma la Britain yochotsera msonkho anthu oika ndalama m'makampani ang'onoang'ono) lomwe limagula masheya m'makampani ongoyamba kumene, opanga zinthu zochepetsa mpweya wotenthetsa dziko. Kabuku komwe munapatsidwa kanati komiti ya akatswiri oima paokha imaunika chaka ndi chaka ngati makampaniwo akuthandizadi pa vuto la kusintha kwa nyengo. Tsopano lipoti labwera ndi matani ochuluka a mpweya "omwe apewedwa", koma mwatulukira kuti awiri mwa anthu atatu a m'komitiyo ndi alangizi olipidwa ndi kampani yoyendetsa thumbalo. Mukufuna kudziwa ngati malamulo amalola zimenezi, komanso ngati ndalama zanu zingabwerere.

Ku Britain kulibe lamulo lokakamiza thumba lililonse la venture capital, loika ndalama m'makampani ongoyamba kumene, kukhala ndi munthu wakunja wounika zomwe likuchita pa nkhani ya nyengo. Ngakhale malamulo a FCA (bungwe loyang'anira makampani a zachuma ku Britain) okhudza zizindikiro za matumba osamala chilengedwe, omwe anayamba kugwira ntchito pa 31 July 2024, amangofuna kuti muyezo womwe thumba likugwiritsa ntchito uunikidwe ndi wina wosakhudzidwa ndi kasankhidwe ka masheya. Wounikayo akhoza kukhala dipatimenti ina ya kampani yomweyo. Ambiri amadabwa ndikawauza zimenezi. Choncho mphamvu ya nkhani yanu ili pa lonjezo lomwe anakulemberani musanapereke ndalama.

Lonjezo limenelo malamulo amaligwira. M'buku la malamulo a FCA muli ndime yotchedwa COBS 4.2.1R, yomwe imati chilichonse kampani yovomerezeka ikulembera kasitomala kapena kutsatsa chikhale chachilungamo, chomveka ndiponso chosasocheretsa. Ndimeyi inalipo kale mu 2023. Gawo 138D la lamulo lotchedwa Financial Services and Markets Act 2000 limapatsa munthu wamba ngati inu ufulu wosumira kampani yomwe yaphwanya ndime yotere ngati iye wataya kanthu chifukwa cha kuphwanyako. Palinso lamulo loletsa kunamizira kusamala chilengedwe, lomwe linayamba pa 31 May 2024 ndipo limakhudza makampani onse ovomerezedwa ndi FCA. Silingabwerere m'mbuyo kukagwira kabuku ka 2023, koma malipoti ndi zotsatsa zomwe zatuluka tsikulo litadutsa zili m'manja mwake. Ngati zomwe munauzidwa zinali zabodza ndipo ndi zomwe zinakukopani kusaina pangano, lamulo la Misrepresentation Act 1967, lokhudza kunamizidwa pochita pangano, ndi njira inanso ku England.

Musaganize kuti olamulira amazitenga mopepuka nkhani zoterezi. Mu September 2023 bungwe la SEC, loyang'anira misika ya masheya ku America, linalipiritsa DWS, kampani yoyendetsa matumba a ndalama, $19 miliyoni chifukwa chouza anthu kuti imatsata ndondomeko zina zounika za chilengedwe pomwe sinkazitsata monga inkanenera, ndipo mu April 2025 oimira boma pa milandu ku Frankfurt anailipiritsanso €25 miliyoni. Cholakwa chake chinali kulonjeza kaunikidwe komwe kunalibe m'mene ankanenera, ndipo dandaulo lanu likuyenda m'njira yomweyo.

Komabe ndikuchenjezeni pa zinthu ziwiri. Kulipidwa ndi kampani pakokha sikuchotsa munthu pa gulu la oima paokha, poti ngakhale ofufuza mabuku a ndalama amalipidwa ndi kampani yomwe akuifufuza. Chomwe chidzayang'anidwe ndi chakuti, kodi alangiziwo ali ndi gawo pa phindu la thumbalo, ali ndi masheya m'makampani omwe akuwaunika, amathandiza kusankha komwe ndalama zipite, nanga kodi ubale umenewu unalembedwa penapake m'zikalata zomwe munalandira? Ngati unalembedwa pa tsamba lobisika mwa zilembo zing'onozing'ono, kampani idzaima pamenepo, ngakhale kuti inu mukhoza kunena kuti chithunzi chonse cha kabukuko chinali chosocheretsa. Chachiwiri ndi chakuti khoti limafuna umboni wa zomwe mwataya. Mudzayenera kuonetsa kuti mukanadziwa zoona simukanaika ndalamazo, ndiye sungani imelo kapena uthenga uliwonse womwe munatchulamo komitiyi musanasaine.

Pa matani aja "opewedwa" ndikufuna ndiimepo pang'ono, chifukwa apa ndi pomwe anthu abwino ambiri amapusitsidwa. Chiwerengero chotere sichiyezedwa pa chumuni ya fakitale. Chimachokera pa kuyerekeza zomwe zikanachitika kampaniyo ikanakhala kulibe, ndipo kwa kampani yongoyamba kumene nthawi zambiri chimadalira malonda omwe sanachitike. Mukasintha zoyerekezazo pang'ono, matani amakwera kangapo. N'chifukwa chake wounika weniweni ndi wofunika kwambiri. Matumba omwe anasaina Operating Principles for Impact Management, mfundo zoyendetsera matumba ofuna kuthandiza anthu ndi chilengedwe zomwe IFC, nthambi ya World Bank, inakhazikitsa mu April 2019, amayenera kutulutsa chikalata chaka chilichonse ndi kuitana wounika woima payekha nthawi ndi nthawi, malinga ndi mfundo ya nambala 9. Koma dziwani kuti iye amaunika ndondomeko ya thumbalo, matani enieniwo saawerenga. Ngati lipoti lanu likuti linatsimikizidwa motsata muyezo wa ISAE 3000, womwe ounika malipoti otere amatsata, onani ngati ndi limited assurance, kutanthauza kuti wounikayo sanapeze chomukayikitsa pa zochepa zomwe anaona, kapena reasonable assurance, komwe ndi kufufuza kozama.

Tsopano zoti muchite. Onani kaye dzina la kampaniyo pa Financial Services Register ya FCA kuti mutsimikize kuti ndi yovomerezeka. Kenako ilembereni kalata, ndipo pamwamba pake mulembe kuti ndi dandaulo. Mutchule mawu enieni a m'kabuku ndi tsamba lake, munene zomwe mwapeza, mupemphe chikalata chokhazikitsira komitiyo, ndondomeko ya kampani yothana ndi kuwombana kwa zofuna, ndi njira yomwe anawerengera mataniwo. Munenenso chomwe mukufuna. Kampani ili ndi masabata 8 oti ikupatseni yankho lomaliza. Ikapanda kuyankha, kapena yankho likapanda kukukhutiritsani, pitani ku Financial Ombudsman Service, bungwe lomva madandaulo a makasitomala a makampani a zachuma, pasanathe miyezi 6 kuchokera tsiku la yankholo. Kumeneko simulipira, simufunika loya, ndipo amagamula potengera chomwe chili chachilungamo, osati malamulo okha. Mukavomera chigamulo chawo chomaliza, kampani imamangika nacho, koma nanunso simungathe kukasumanso nkhani yomweyo kukhoti. Pa ndalama zokwana £10,000 ine ndingayambire kumeneko, chifukwa kukhoti mtengo wa maloya ukhoza kumeza zonse. Nthawi yodandaulira nthawi zambiri ndi zaka 6 kuchokera pomwe cholakwacho chinachitika, choncho musakhalire nkhaniyi. Mukhozanso kudziwitsa FCA, ngakhale kuti iwo saweruza madandaulo a munthu payekha.

Ndikupempheni kuti musathamangire kugulitsa masheyawo chifukwa cha mkwiyo. EIS imachotsera munthu msonkho wokwana 30 peresenti ya ndalama zomwe waika, £3,000 pa nkhani yanu, koma masheyawo ayenera kusungidwa zaka zitatu, ndipo zakazo zimawerengedwa pa kampani iliyonse payokha, osati kuchokera tsiku lomwe munatumiza ndalama ku thumba. Mukagulitsa msanga, bungwe lotolera msonkho la HMRC likhoza kufuna kuti mubweze msonkho womwe munachotseredwawo. Tengani ziphaso zanu za EIS3, zomwe mumalandira kuti muchotseredwe msonkhowo, muone tsiku lomwe lalembedwa pa chilichonse, ndipo mupite nazo pamodzi ndi kabuku ndi pangano kwa loya wa ku England kalata ya dandaulo isanatumizidwe.