Mafunso ndi Mayankho: Kodi hammam ndi bafa la anthu olemera okha?

Funso: Akonzi, ndimagwira ntchito yoyeretsa pamalo ena osisita thupi ku Sandton, mumzinda wa Johannesburg, ndipo pamndandanda wa mitengo pali chotchedwa hammam ya ku Morocco, chimene mtengo wake umandiimitsa mutu. Mnzanga wa ku Mangochi amene ndimakhala naye akuti Aluya akhala akusamba motero kuyambira kalekale, anthu ambiri m'nyumba imodzi. Kodi zimenezi nzoona, kapena unali mwambo wa mafumu okha? Nachisale, Mayfair.

Yankho: Mayi Nachisale, mnzanuyo sakunama, ndipo mtengowo usakusocheretseni, chifukwa hammam, nyumba yosambiramo ya nthunzi, inali bafa la munthu wamba, ndipo m'mizinda yambiri ya ku Morocco ikadali choncho mpaka lero.

Aluya atalanda Syria ndi Egypt m'zaka za m'ma 600 anapezako mabafa otentha a Aroma, ndipo anatengera luso la kamangidwe kake. Limodzi mwa mabafa akale kwambiri amene alipobe lili ku Qusayr Amra, m'chipululu cha Jordan, ndipo linamangidwa kuchiyambi kwa zaka za m'ma 700 ndi kalonga wa banja lachifumu la Umayyad, limene linkalamulira Asilamu nthawi imeneyo. Limenelo linalidi lachifumu. Koma chimene chinafikitsa hammam m'dera lililonse ndi chipembedzo: Msilamu amafunika kusamba thupi lonse pa nthawi zina zoikika, ndipo amalimbikitsidwa kutero asanapite ku swala ya Lachisanu, pomwe nyumba zambiri zinalibe madzi a m'mipope. N'chifukwa chake bafa linkamangidwa pafupi ndi mzikiti ndi msika, monga bafa la Nur al-Din ku Damascus, la m'zaka za m'ma 1100, ndipo kawirikawiri ndalama zolowera zinkathandiza kuyendetsa mzikiti kapena madrasa.

Kamangidwe kake kanali kotsata kutentha. Munthu amayambira m'chipinda chovulira, chimene chimakhalanso chopumuliramo, kenako amalowa m'chipinda chofunda, n'kukathera m'chotentha kwambiri chodzaza nthunzi, kuti thupi lizolowere pang'onopang'ono. Makoma ake ndi ochindikala ndipo alibe mawindo. Kuwala kumalowera pa timabowo ta kudenga lozungulira, totsekedwa ndi galasi, tina tooneka ngati nyenyezi. Kuseri kwa chipinda chotenthacho kuli ng'anjo yokhala ndi khomo lakelake, imene imawiritsa madzi, ndipo utsi wake umadutsa kunsi kwa miyala yapansi, mwakuti osamba ankavala nkhwaira zamtengo kuopa kupsa mapazi. Dziwe la madzi ozizira limene Aroma ankabiramo linasiyidwa m'madera ambiri, popeza Asilamu ankakonda madzi oyenda, otunga ndi kudzithira.

Munthu amene ine ndimamuona wofunika kwambiri pa nkhaniyi ndi wosonkha moto, ngakhale osamba samuona. Ku Marrakech anthu amamupititsira mtsuko wadothi wa nyama wotchedwa tanjia, iye n'kuukwirira m'phulusa lotentha kwa maola ambiri, ndipo ku Cairo nyemba zimene anthu amadya m'mawa zinkaphikidwa usiku wonse pa moto womwewo. Moto umodzi unkasambitsa mudzi ndi kuudyetsanso.

Amuna ndi akazi sasambira limodzi. Mwina bafa limakhala ndi mbali ziwiri, mwinanso amasinthana nthawi, ndipo ku Cairo nsalu yopachikidwa pakhomo inkadziwitsa amuna kuti m'katimo muli amayi. Kwa amayi amene sankatuluka kawirikawiri, kumeneko kunali ngati kumjigo kwathu: kumamveka za maliro ndi za maukwati, ndipo mayi wofunira mwana wake mbeta ankaponya maso komweko. Mkwatibwi ankasambitsidwa kumeneko ukwati usanachitike, chimodzimodzinso mayi amene watha masiku 40 chiberekereni. Choncho chimene abwana anu amagulitsa, ngati amatsatadi mwambo wa ku Morocco, ndi nthunzi, sopo wakuda wa maolivi, kansalu kokhakhala kokhulira litsiro kotchedwa kessa ndi dothi la ghassoul. Zonsezo nzenizeni, koma munthu wogona yekha m'kachipinda sangadziwe phokoso la ndowa ndi ana limene limadzaza hammam ya m'mudzi.

Olamulira ankadziwa mphamvu ya malowa. Mu 1567 Mfumu Philip II ya ku Spain inaletsa mabafawa pakati pa mbadwa za Asilamu a ku Granada, poganiza kuti amasungirako chipembedzo chawo mobisa, ngakhale kuti limodzi, El Bañuelo, likadalipo. Masiku ano chimene chikupha mahammam ndi mabafa a m'nyumba, kudula kwa nkhuni ndi kusowa kwa madzi, vuto limene ife a ku Johannesburg tikulidziwa bwino. Mu 2024, chilala chitakula, akuluakulu a ku Casablanca analamula kuti mahammam azitseka masiku atatu pa sabata, ndipo amene anavutika kwambiri anali okhula anthu misana, amene amadya za tsiku lomwelo.